Chala cha Kamphepo pa Tabuleti ya Phee

Uyu ndi Kamphepo. Ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Dzina lake lenileni lilipo, koma palibe amene amalitchula. Amayenda mothamanga. Amadya mothamanga. Ngakhale kuseka amaseka mothamanga. Ndiye onse amangoti Kamphepo.

Uyu ndi Phee. Phee ndi mlongo wake wa Kamphepo. Awiriwa ndi mapasa. Anabadwa tsiku limodzi. Kamphepo ndiye anatsogola. Phee anabwera pambuyo. Mpaka lero Phee amabwera pambuyo. Salankhulalankhula. Amangokhala phee.

Kamphepo amamukonda kwambiri Phee. Chimene safuna ndi chimodzi. Safuna kuti munthu amuseke Phee. Ayi, safuna ngakhale pang'ono.

Mapasawa ankaphunzira m'kalasi imodzi. Ankakhala pa desiki imodzi. Kamphepo kumanja, Phee kumanzere.

Pakona ya kalasi panali bokosi lachitsulo. M'bokosimo munali matabuleti. Tabuleti ili ngati foni yaikulu. Ili ndi galasi losalala. Ukakhudza galasilo, tabuleti imakuyankha.

M'mawa uliwonse aphunzitsi ankatsegula bokosi lija. Mwana aliyense ankalandira tabuleti. Ankalandiranso mahedifoni ovala m'makutu.

"Manja oyera?" ankafunsa aphunzitsi.

"Oyera!" ankayankha ana.

"Chala chako?"

"Pa tabuleti yanga!"

Limeneli linali lamulo la m'kalasi. Chala chako, tabuleti yako. Wokhudza tabuleti ya mnzake ankakhala masiku atatu wopanda tabuleti.

Mwana aliyense anali ndi chithunzi chake. Kamphepo ankakhudza gulugufe. Tabuleti inkadziwa kuti wabwera Kamphepo. Phee ankakhudza bakha. Tabuleti inkadziwa kuti wabwera Phee.

Kenako tabuleti inkafunsa masamu. Ukakhoza, inkalira kuti ngwee! Inkati, "Wakhoza!" Ndipo inkakupatsa nyenyezi. Ukalakwa, inkati, "Yesanso."

Lolemba lina, tabuleti inamufunsa Phee funso.

"Mipira isanu. Iwiri yagubuduka. Yatsala ingati?"

Phee anayang'ana mipira ija. Anayang'ananso. Milomo yake inkagwedera pang'ono. Ankawerenga chamumtima. Chala chake chinali m'mwamba. Chinali chisanatsike.

Nanga Kamphepo? Ha! Kamphepo anali atapeza kale nyenyezi zisanu ndi imodzi. Ngwee! Ngwee! Ngwee!

Atsikana awiri a pa desiki yakutsogolo anatembenuka. Anasuzumira tabuleti ya Phee.

"Iii, Phee! Ukadali pa mipira?" anatero mmodzi.

"Kapena wagona," anatero winayo.

Onse awiri anaseka chapansipansi.

Mtima wa Kamphepo unawawa. Anayang'ana aphunzitsi. Aphunzitsi anali kutali, akukonza mahedifoni a mwana wina. Kamphepo anatambasula dzanja. Chala chake chinatera pa tabuleti ya Phee.

Tho!

Ngwee! "Wakhoza!"

Nyenyezi inawala pafupi ndi bakha.

"Onani!" anatero Kamphepo. "Phee wakhoza. Sekaninso tione."

Atsikana aja anatembenukira kutsogolo. Sanasekenso.

Phee anayang'ana nyenyezi ija. Sanamwetulire.

"Ndinali pafupi," ananong'ona.

"Usadandaule," anatero Kamphepo. "Ndakuthandiza."

Phee anatsitsa chala chake.

Lachiwiri, tabuleti inafunsanso. Phee anayamba kuwerenga. Chala chake chinali m'mwamba.

Tho! Chala cha Kamphepo.

Ngwee! "Wakhoza!"

Lachitatu, chimodzimodzi.

Tho! Ngwee! "Wakhoza!"

Lachinayi, chimodzimodzi.

Tho! Ngwee! Tho! Ngwee!

Koma chala chimenechi, abale! Chinkathamanga kuposa mwini wake. Kuno chayankha za gulugufe. Uko chayankha za bakha. Aphunzitsi akatembenuka, chili kale pa malo pake.

Kamphepo ankasangalala. Palibe amene ankamuseka Phee.

Koma tabuleti ilibe maso. Sinkaona kuti chala ndi cha yani. Inkangoona kuti bakha akukhoza. Ndiye inasiya za mipira. Inayamba kufunsa manambala akuluakulu. Tsiku lililonse inkawonjezera. Kamphepo ankayankha. Phee ankangopenya.

Sabata inatha. Inanso inatha.

Lachisanu aphunzitsi anatsegula kompyuta yawo. Mu kompyutamo ankaona nyenyezi za ana onse. Anavala magalasi. Anawerenga. Anavula magalasi. Anawapukuta. Anawerenganso.

"Eee!" anatero aphunzitsi. "Ana inu, tamverani. Phee ali ndi nyenyezi makumi anayi! Muombereni m'manja!"

Ana onse anaomba m'manja. Phwa! Phwa! Phwa! Kamphepo ndiye anaomba kwambiri. Manja ake mpaka anatentha.

Phee anaweramitsa mutu. Anayang'ana nsapato zake.

"Lolemba tikhala m'magulu," anatero aphunzitsi. "Odziwa azithandiza anzawo. Kamphepo, iwe udzakhala ndi gulu la pakhomo. Phee, iwe udzakhala ndi gulu la pawindo."

Kamphepo anasiya kuomba m'manja. Pakhomo ndi pawindo? Mayo! Pakatipo panali madesiki asanu. Dzanja lake silikanafika.

Lolemba linafika. Kamphepo anakhala pakhomo. Phee anakhala pawindo. Ana atatu anamuzungulira Phee.

Phee anakhudza bakha. Tabuleti inafunsa funso.

"42 kuchotsera 17. Yankho ndi chiyani?"

Mipira panalibe. Panali manambala okhaokha.

Phee anayang'ana. Anayesa kuwerenga zala. Zala zinatha. Anakhudza nambala ina.

"Yesanso."

Anakhudza ina.

"Yesanso."

Anakhudza inanso.

"Yesanso."

"Phee, tandithandiza apa," anatero mwana mmodzi.

"Inenso apa," anatero wina. "Paja iwe uli ndi nyenyezi makumi anayi."

Phee anaweramira tabuleti yake. Misozi inalengeza m'maso mwake. Dontho linagwera pa galasi la tabuleti. Linagweranso lina. Phee anapukuta ndi malaya msangamsanga.

Kamphepo anaona zonse ali pakhomo. Chala chake chinkayabwa. Koma chinali kutali.

Lachiwiri m'mawa, Phee sanadzuke.

"Dzuka, iwe!" anatero Kamphepo. "Tichedwa!"

"M'mimba," anatero Phee. "M'mimba mukundipweteka."

Amayi anabwera. Amayiwo ndi telala. Anali ndi tepi yoyezera m'khosi. Anagwira Phee pamphumi.

"Thupi silikutentha," anatero amayi. "Mukupweteka pati, mwanangu?"

"Apa," anatero Phee. Analoza pamchombo. "Ndi apa." Analoza pachifuwa.

"Chabwino, gona lero," anatero amayi.

Kamphepo anapita yekha kusukulu. Tabuleti ya Phee inatsala m'bokosi.

Lachitatu, chimodzimodzi.

"M'mimba," anatero Phee.

Abambo anali akuvala ovolosi yawo. Abambowo amapenta nyumba. Ovolosi yawo ili ndi madontho a mitundu yonse.

"Mimba imeneyi ndi yodabwitsa," anatero abambo. "Imapweteka m'mawa mokha. Masana imadya bwinobwino."

"Musiyeni mwana," anatero amayi. "Mawa akapanda kuchira, tipita naye kuchipatala."

Kamphepo anapitanso yekha.

Poweruka anathamangira kunyumba. Pabedi Phee panalibe. Pakhonde panalibe. Amayi anali panja, akuyeza diresi ya mayi wina.

Kamphepo analowa m'chipinda chosokera. Anasuzumira pansi pa tebulo. Phee anali pomwepo. Anakhala pa mulu wa zigamba. Anali atakumbatira maondo.

Kamphepo anakwawa. Anakhala pambali pake.

"M'mimba muli bwanji?" anafunsa.

Phee anamuyang'ana. Kenako analankhula.

"Sindikudwala."

"Nanga?"

"Kusukulu sindipitanso."

"Sudzapitanso? Mpaka liti?"

"Mpaka kalekale."

"Chifukwa chiyani, Phee?"

"Tabuleti ikundifunsa zinthu zimene sindikuzidziwa," anatero Phee. "Ikuganiza kuti ine ndine iwe. Aphunzitsi akuganiza kuti ndimadziwa. Ana onse akuganiza kuti ndimadziwa. Ine sindidziwa. Ngakhale za mipira zija sindinazimalize."

"Usalire," anatero Kamphepo. "Ndiwapempha aphunzitsi. Ndibwerere pafupi ndi iwe. Ndizikuyankhiranso."

"Ayi!"

Phee anakuwa. Inde, Phee weniweniyo! Kamphepo anadzidzimuka mpaka anagunda mutu ku tebulo. Khu!

"Ayi!" anateronso Phee. "Chala chakocho ndi chimene chandilakwira. Ndimakhala ndili pafupi. Iwe tho! Ndili pafupi. Iwe tho! Sundidikira."

Kamphepo anayang'ana chala chake. Chinali chala chaching'ono. Chinali ndi inki kunsonga.

"Ndimafuna asakuseke," anatero motsitsa mawu.

"Ndikudziwa," anatero Phee. "Koma ndimafuna ndidziwe."

Kamphepo anamva chisoni chachikulu. Anamvanso manyazi. Anakhala pansi pa tebulo nthawi yaitali.

Lachinayi m'mawa, Kamphepo sanathamange. Anayenda pang'onopang'ono. Anadutsa pa golosale. Anadutsa pa okonza njinga. Okonza njingawo anadabwa.

"Kamphepo, lero mphepo yatha?" anafunsa.

Kamphepo sanaseke. Ankachita mantha. Akanena zoona, amulanda tabuleti. Mwina aphunzitsi akwiya. Mwina ana onse amva. Koma akapanda kunena, Phee sabweranso kusukulu.

Anafika ana ena asanalowe. Aphunzitsi anali okha m'kalasi. Ankachotsa matabuleti pa magetsi.

"Odi, aphunzitsi."

"Lowa, Kamphepo. Phee ali bwanji?"

Kamphepo anaima pafupi ndi tebulo. Anabisa manja kumbuyo.

"Aphunzitsi, Phee sakudwala."

"Ooo?"

"Nyenyezi zija si zake."

"Ndi za yani?"

Kamphepo anatulutsa dzanja. Anaimika chala chimodzi.

"Ndi za ichi," anatero. Misozi inayamba kutsika.

Ananena zonse. Ananena za mipira. Ananena za atsikana oseka. Ananena za pansi pa tebulo. Ananena mothamanga, mawu akugundana.

Aphunzitsi anakhala pampando. Anavula magalasi. Sanakalipe. Anapuma mpweya wautali.

"Bwera kuno, mwanawe," anatero.

Kamphepo anasendera.

"Walakwa," anatero aphunzitsi. "Ukudziwa?"

"Inde, aphunzitsi."

"Koma wachita bwino kunena. Tsono tamvera. Inenso ndalakwa."

Kamphepo anatong'ola maso. Aphunzitsi kulakwa?

"Inde," anatero aphunzitsi. "Tabuleti ilibe maso. Koma ine ndili nawo, anayi ndi magalasi omwe! Ndinayang'ana kompyuta. Sindinamuyang'ane Phee."

Aphunzitsi anatsegula kompyuta. Anapeza bakha. Anakhudza apa. Anakhudza apo. Nyenyezi zonse zinazima. Makumi anayi onse, zii!

"Mayo, nyenyezi zonse!" anatero Kamphepo.

"Sizinali zake," anatero aphunzitsi. "Ayambire pamene anali."

"Nanga ine?"

"Lamulo ukulidziwa. Masiku atatu wopanda tabuleti."

Kamphepo anapukuta misozi. Anavomera ndi mutu.

"Koma aphunzitsi, Phee akuti sabweranso."

Aphunzitsi anatenga foni yawo. Anaibweretsa pafupi ndi pakamwa. Anajambula mawu. Anawatumiza ku foni ya amayi.

Masana amayi anaitana mapasa aja.

"Phee, pali uthenga wako. Wochokera kwa aphunzitsi."

Phee anabisala kumbuyo kwa chitseko. Amayi anakhudza foni. Mawu a aphunzitsi anamveka.

"Phee, ndine mphunzitsi wako. Pepa, mwanawe. Ndinakusenzetsa katundu wolemera. Manambala akuluakulu aja ndawachotsa. Mipira isanu ija ikukudikira. Palibe amene akuthamangitse. Ubwere mawa."

Phee anatulutsa mutu.

"Amayi, bwerezani."

Amayi anabwereza.

"Bwerezaninso."

Amayi anabwerezanso. Kenako anayang'ana Kamphepo. Anayang'ana Phee. Anagwira m'chiuno.

"Kodi mimba ija inali ya masamu?" anafunsa.

Kamphepo anawafotokozera zonse. Amayi anapukusa mutu.

"Ana inu mundikalambitsa," anatero. Koma anawakokera onse awiri pachifuwa.

Lachisanu Phee anavala yunifolomu. Anayenda pambuyo, monga mwa masiku onse. Pa geti ya sukulu anaima. Kamphepo anaimanso. Sanamukoke. Anangodikira. Kenako Phee analowa.

Ana analandira matabuleti. Kamphepo sanalandire. Manja ake anasowa chochita. Anagwira pensulo. Anaisiya. Anagwira rula. Anaisiya.

"Kamphepo, bwera," anatero aphunzitsi. "Ndili ndi ntchito ya manja akowo."

Aphunzitsi anakhazika Phee pa tebulo lawo. Anamuikira tabuleti. Pambali pake anathira zitsekerero za mabotolo. Kenako anapatsa Kamphepo foni.

"Phee, ukulola kuti tijambule manja ako? Manja okha, osati nkhope."

Phee anaganiza. Anavomera ndi mutu.

"Kamphepo, iwe ndiwe wojambula kanema," anatero aphunzitsi. "Wojambula ali ndi malamulo awiri. Amagwira foni ndi manja awiri. Ndipo salankhula."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono."

Kamphepo anagwira foni ndi manja awiri. Analozetsa pa manja a Phee. Aphunzitsi anakhudza kadontho kofiira. Foni inayamba kujambula.

Phee anakhudza bakha.

"Mipira isanu," inatero tabuleti. "Iwiri yagubuduka. Yatsala ingati?"

Kamphepo ankalidziwa yankho. Ha, ankalidziwa kalekale! Yankho linakwera kukhosi. Linafika pa lilime. Kamphepo analuma milomo.

"Mmm," anatero.

Phee anayang'ana mipira. Anakhudza nambala 2.

"Yesanso."

"Mmmmm!" anatero Kamphepo. Foni inagwedezeka.

"Manja awiri, wojambula," ananong'ona aphunzitsi.

Phee anabweza dzanja. Anafuna kulibisa pansi pa tebulo. Aphunzitsi anamukankhira zitsekerero.

"Izi ndi mipira yako," anatero. "Igwire ndi manja."

Phee anatola chitsekerero. Anachiika patsogolo pake.

"Umodzi," ananong'ona.

Anatola china.

"Iwiri."

Anatola china.

"Itatu. Inayi. Isanu."

Anazindandalika bwinobwino. Anaziwongola. Anaziwongolanso.

Koma Phee, abale! Kamphepo thukuta linali kamukamu. Mapazi ake ankavina okha pansi. Koma manja anagwira foni nganganga.

Phee anakankha chitsekerero chimodzi. Chinapita kumbali.

"Wagubuduka," anatero.

Anakankha chachiwiri.

"Wagubuduka."

Kenako anaphimba ziwirizo ndi dzanja lamanzere. Anawerenga zotsala ndi dzanja lamanja.

"Umodzi. Iwiri. Itatu."

Anakweza chala. Chala chinaima m'mwamba. Chala cha Phee chinatsika pang'onopang'ono. Chinatera pa nambala 3.

Tho!

Ngwee! "Wakhoza!"

Nyenyezi imodzi inawala pafupi ndi bakha.

Phee anaiyang'ana. Anaiyang'anitsitsa. Kenako anamwetulira mpaka mano onse anaoneka.

"Yanga," anatero.

"Yako," anatero aphunzitsi.

"Ndilankhule tsopano?" anafunsa Kamphepo.

"Dikira," anatero Phee. "Kukubwera funso lina."

Linabwera lina. Phee anandandalika zitsekerero. Anakankha. Anaphimba. Anawerenga. Ngwee! Linabwera linanso. Anakankha. Anaphimba. Anawerenga. Ngwee!

Nthawi ya masamu itatha, Phee anali ndi nyenyezi zitatu. Manja a Kamphepo anali atatopa. Sanadandaule.

Aphunzitsi anawerama pafupi ndi Phee.

"Njira yako ndi yabwino," anatero. "Ndikufuna anzako aione. Ukulola?"

"Andiseka," anatero Phee. "Ndinalakwa koyamba."

"Akaseka, ndizimitsa."

Phee anayang'ana Kamphepo. Kamphepo anatsegula pakamwa kuti amuyankhire. Anatsekanso.

"Ndalola," anatero Phee.

Aphunzitsi anatseka makatani. Anayatsa makina oonetsa zithunzi pakhoma. Analumikiza foni. Khoma linawala.

Manja a Phee anaoneka pakhoma. Anali aakulu kuposa chitseko! Zitsekerero zinali ngati mbale.

"Eee!" anatero ana.

Manja aja anandandalika. Anakankha. Anaphimba. Anawerenga.

M'kalasi munali zii. Palibe amene anaseka.

Mtsikana wa pa desiki yakutsogolo anakweza dzanja. Anali mmodzi wa oseka aja.

"Aphunzitsi, bwerezani. Pophimba paja."

Aphunzitsi anabwezera kanema m'mbuyo. Anaimitsa pomwe dzanja laphimba.

"Ooo!" anatero mtsikanayo. "Kodi zochoka zija umaziphimba? Ine ndimaziwerengera pamodzi!"

"Nanga nyenyezi zako umazipeza bwanji?" anafunsa aphunzitsi.

Mtsikanayo anachita manyazi.

"Ndimangokhudza manambala onse. Ina imalira."

"Inenso," anatero mwana wina.

"Inenso," anatero winanso.

Aphunzitsi anagwira kumutu.

"Koma ana inu! Kodi tili ambiri chonchi? Chabwino. Kuyambira Lolemba, tabuleti kumanja, zitsekerero kumanzere. Ndipo ine ndiziyendera desiki iliyonse."

Ana anathamangira zitsekerero. Anazindandalika pa madesiki. Kankha, phimba, werenga. Kankha, phimba, werenga. Wina akasokonezeka, ankayang'ana pakhoma. Wina ankapita kwa Phee. Phee sankawauza yankho. Ankangowaonetsa manja.

Madzulo abambo anabwera kuchokera kuntchito. Anali ndi penti yobiriwira pakhutu. Amayi anawachingamira ndi foni.

"Bambo a mapasa, takhalani pansi. Aphunzitsi atumiza kanema."

"Ndisambe kaye."

"Ayi, khalani momwemo."

Onse anayi anapanikizana pa mpando umodzi. Amayi anagwira foni. Kanema anayamba.

"Awa ndi manja a yani?" anafunsa abambo.

"Anga," anatero Phee.

"Ndimawadziwa. Zikhadabo zomwezi."

Anaonera Phee akundandalika. Anaonera akukankha. Kenako abambo anatchera khutu.

"Dikirani. Kukumveka chiyani? Muli ng'ombe m'kalasi mwanu?"

Mu foni munkamveka mawu. "Mmm. Mmmm. Mmmmm!"

"Ameneyo ndi Kamphepo," anatero Phee. "Akumeza yankho."

Abambo anaseka mpaka anatsokomola. Amayi anaseka mpaka anapukuta misozi ndi nsalu. Kamphepo anabisa nkhope m'manja. Koma naye ankaseka.

"Linali lowawa kumeza!" anatero.

Ngwee! inalira foni. "Wakhoza!"

Abambo anasiya kuseka. Anamuyang'ana Phee. Anamunyamula. Anamukhazika pamiyendo, pa ovolosi ya penti ija.

"Wekha?" anafunsa.

"Ndekha," anatero Phee.

"Nyenyezi zingati?"

"Zitatu."

"Zitatu zokha?" anatero abambo mwanthabwala. "Ndinamva kuti unali ndi makumi anayi."

"Zija zinali za Kamphepo," anatero Phee. "Izi ndi zanga."

Kamphepo anasendera pafupi. Anatsamira phewa la mlongo wake.

"Pepa, Phee," anatero.

"Zatha," anatero Phee.

Kenako Phee anatembenukira kwa amayi.

"Amayi, mawa ndi lachingati?"

"Loweruka, mwanangu. Kulibe sukulu."

"Nanga mkuja?"

"Lamulungu. Kulibenso."

Phee anakwinya nkhope. Anaimika zala ziwiri. Anaziyang'ana.

"Masiku awiri athunthu?" anatero. "Iii, Lolemba likuchedwa!"

Onse anaseka. Amayi anamupsompsona pamphumi. Ndipo anapita kukamuchapira yunifolomu.